Magazini ya ophunzira imene majaji amaiwerenga: kodi mphamvu za Harvard Law Review zimachokera kuti?

Mu April 2025, maunduna awiri a boma la America, wa zamaphunziro ndi wa zaumoyo, analengeza kuti ayamba kufufuza Harvard Law Review. Amaiganizira kuti imayang'ana mtundu wa munthu posankha akonzi ake komanso nkhani zoti isindikize. Sukulu ya zamalamulo ya Harvard inayankha kuti magaziniyi ndi bungwe loima palokha, loyendetsedwa ndi ophunzira. Miyezi khumi m'mbuyo mwake, mu June 2024, webusaiti ya Columbia Law Review, magazini inanso ya ophunzira a zamalamulo, inatsekedwa kwa masiku angapo chifukwa cha nkhani imodzi yokha, ndipo nyuzipepala zikuluzikulu za m'dzikolo zinailondola nkhaniyo tsiku ndi tsiku.

Wongomva kumene akhoza kudabwa. Boma lathunthu kutaya nthawi ndi magazini ya ana a sukulu? Yankho lake ndi lakuti magazini amenewa ali ndi mphamvu ziwiri zosiyana, zimene anthu amazisokoneza kawirikawiri. Ina ndi yotsegulira kapena kutsekera munthu khomo la ntchito, ndipo imeneyi imaoneka chaka chilichonse. Ina ndi yosintha maganizo a makhoti, ndipo imeneyi imabwera mwa apo ndi apo, nthawi zina patapita zaka makumi ambiri.

Kodi ndi magazini yamtundu wanji?

Law review ndi dzina limene ku America amatchulira magazini ya kafukufuku wa zamalamulo yotuluka pa sukulu yosula maloya. Musaganize za magazini ya zithunzi yowerenga podikira basi. Kope limodzi limakhala buku la masamba mazana angapo, nkhani imodzi imatha kudya masamba 50 kapena kuposa, ndipo pamasamba ambiri theka lonse limadzaza ndi mawu a m'munsi, osonyeza kumene mfundo iliyonse yachokera. Olemba nkhani zikuluzikulu ndi mapulofesa, majaji ndi maloya odziwika. Koma osankha nkhanizo, ozikonza ndiponso ozikana ndi ophunzira.

Chachilendo chagona pamenepa. M'maphunziro ena, monga a zachipatala kapena a zachuma, munthu akalemba zimene wafufuza, mkonzi amene ndi katswiri amazitumiza kwa akatswiri anzake awiri kapena atatu kuti aziunike, nthawi zambiri osadziwa amene walemba. Pa zamalamulo ku America zinthu zinatembenuka. Zili ngati mmisiri wa matabwa amene wagwira ntchito zaka 30 akupanga tebulo, n'kulipereka kwa anyamata amene akuphunzira kumene kupala thabwa kuti anene ngati lili loyenera kupita pamsika. Anyamatawo angathe kuyeza ngati miyendo ili yofanana ndi kupeza msomali uliwonse wokhota, mwina kuposa mmisiriyo. Funso limene anthu akhala akukangana kwa zaka zoposa 100 ndi lakuti kodi angadziwenso ngati tebulolo ndi lamtundu watsopano kapena ndi lotengera.

Komabe tisawachepetse. Ku America munthu amalowa sukulu ya zamalamulo atamaliza kale digiri yoyamba ya zaka 4, kenako n'kuphunzira zaka zina 3. Akonzi a magaziniwa ndi anthu akuluakulu, ambiri a zaka za m'ma 20, ena anagwirapo kale ntchito, ndipo amakhala m'chaka chachiwiri ndi chachitatu.

Harvard Law Review inayamba kutuluka mu April 1887, itayambitsidwa ndi kagulu ka ophunzira mothandizidwa ndi Louis Brandeis, loya wa ku Boston amene anaphunzira pa sukulu yomweyo. Ya ku Pennsylvania ndi yakale kuposa pamenepa, popeza mizu yake imafika ku 1852, koma poyamba inkayendetsedwa ndi maloya, osati ophunzira. Chitsanzo cha Harvard ndi chimene chinafalikira: Yale Law Journal inabadwa mu 1891, Columbia Law Review mu 1901, Stanford Law Review mu 1948. Lero pafupifupi sukulu iliyonse ya zamalamulo m'dzikolo, ndipo zilipo pafupifupi 200, ili ndi yake, zambiri zili ndi angapo, moti onse pamodzi alipo mazanamazana. Otchuka kwenikweni ndi owerengeka, ndipo ndi a sukulu zotchuka zomwezo.

Kulowamo ndi ntchito imene amagwira

Ku Harvard, kalasi ya chaka chimodzi imakhala ndi ophunzira oposa 500, koma olowa m'magaziniyi chaka chilichonse ndi pafupifupi 50. Kale ankangotenga okhoza bwino pamayeso. Masiku ano pali mpikisano wa pafupifupi sabata imodzi, umene umayamba mayeso a chaka choyamba atangotha, anthu ali otopa kale. Wopikisana amapatsidwa mulu wa mapepala. Mbali ina amalemba ndemanga pa chigamulo cha khoti, mbali ina amakonza nkhani imene anaiwazamo zolakwika mwadala. Ena amasankhidwa potengera mpikisanowo wokha, ena potengera mpikisano ndi magiredi, ndipo ena posanthula zonse pamodzi ndi zimene munthuyo wafotokoza za moyo wake. Njira yachitatuyi ndi imene yabweretsa mikangano, monga tionere kutsogoloku.

Wolowa kumene sapatsidwa mpando woweruza mapulofesa. Amayamba ndi ntchito yotopetsa yofufuza mawu a m'munsi. Tiyerekeze kuti pulofesa walemba kuti khoti lina linanena zakutizakuti mu 1923, n'kuika nambala ya buku ndi tsamba. Wophunzirayo ayenera kupeza bukulo, kapena chithunzi cha tsamba lenilenilo, n'kuwerenga yekha. Kodi khotilo linanenadi zimenezo, kapena ananena ndi jaji mmodzi amene anatsutsana ndi anzake? Kodi mawu ogwidwawo ali ndendende, mpaka mpumiro? Kodi chigamulocho chidakali ndi mphamvu, kapena khoti lapamwamba linachigwetsa pambuyo pake? Akapeza kuti tsambalo likunena zochepa kuposa zimene pulofesa akufuna, amalemba m'mphepete kuti umboniwu sukukwanira, ndipo wolembayo amayenera kufewetsa mawu ake kapena kubweretsa umboni wina. Nkhani ya mawu a m'munsi 400 imagawidwa kwa anthu angapo, ndipo amaipenda kangapo. Onsewa sapatsidwa malipiro ofanana ndi ntchitoyo, ndipo maphunziro awo a m'kalasi amakhala akupitirira.

Pa mbali iyi ndikuona kuti ophunzirawa ayenera kupatsidwa ulemu wawo. M'maphunziro ambiri mulibe amene amatsegula buku lililonse limene wolemba watchula. Akatswiri ounika amaona ngati mfundo yaikulu ikumveka, koma alibe nthawi yoyang'ana tsamba ndi tsamba. Ophunzira a zamalamulo amatero, ndipo n'chifukwa chake jaji angathe kudalira kuti chimene nkhani yanena kuti chili patsamba lakuti, chilipodi.

Kalembedwe ka mawu a m'munsiwo kali ndi buku lakelake la malamulo lotchedwa Bluebook, limene linayamba kutuluka m'zaka za m'ma 1920. Eni ake ndi magazini anayi a ophunzira: a ku Harvard, Yale, Columbia ndi Pennsylvania. Maloya ndi makhoti ambiri ku America amalitsatira, ophunzira atsopano amaligula chaka ndi chaka, ndipo ndalama zake zimathandiza kuti magaziniwa asamapemphe kwa wina. Ufulu wawo woima paokha uli ndi thumba kumbuyo kwake.

Nkhani zimasankhidwa bwanji?

M'maphunziro ena kutumiza nkhani imodzi kwa magazini awiri nthawi imodzi ndi mlandu. Pa zamalamulo ku America ndi mwambo. Nyengo zotumizira zilipo ziwiri, cha mu February ndi cha mu August, ndipo pulofesa amatha kutumiza nkhani yomweyo kwa magazini makumi angapo kudzera pa intaneti. Magazini ya sukulu yapakatikati ikavomera n'kumupatsa masiku owerengeka oti ayankhe, iye sathamangira kuvomera. Amalembera magazini apamwamba kuwauza kuti wapeza kale malo ndipo achite changu. Wina wapamwamba akavomera, amagwiritsanso ntchito chivomerezocho kugogoda pakhomo lapamwamba kuposa pamenepo. Akonzi a sukulu zing'onozing'ono amakhala atawerengera anzawo ntchito, nkhani yabwino n'kuwapulumuka m'manja.

Magazini a pamwamba amalandira nkhani masauzande pachaka, pamene malo alipo a nkhani zikuluzikulu zosaposa makumi ochepa. Harvard Law Review imatuluka maulendo 8 pachaka, kuyambira November mpaka June. Munthu amene ali ndi mulu wotere komanso masiku ochepa amafunafuna zizindikiro zomuthandiza kusankha msanga, ndipo chizindikiro chapafupi ndi dzina la wolemba ndi sukulu imene akuphunzitsa. Ili ndi limodzi mwa madandaulo akale kwambiri: kuti pulofesa wa sukulu yotchuka amawerengedwa ndi mtima wofuna kuvomera, pamene wa sukulu yosadziwika amawerengedwa ndi mtima wofuna chifukwa chomukanira. Pofuna kuchepetsa zimenezi, magazini ena a pamwamba amabisa dzina la wolemba pa magawo ena a kusankha, ndiponso amapempha mapulofesa a phunzirolo kuti aunike nkhani asanaivomere. Koma voti yomaliza imakhalabe ya ophunzira.

Mbiri yake inamangidwa ndi chiyani?

Mbali yaikulu ya mbiriyi ndi yobwereka ku sukulu. Pali mndandanda wotchuka umene laibulale ya zamalamulo ya yunivesite ya Washington and Lee imakonza, wosanja magazini potengera kuchuluka kwa maulendo amene nkhani zake zatchulidwa ndi olemba ena ndi makhoti. Pamwamba pake pamapezeka mayina omwewo a sukulu zotchuka. Zimazungulira chonchi: sukulu yotchuka imakoka olemba otchuka, nkhani zawo zimawerengedwa kwambiri chifukwa zili m'magazini yotchuka, zikawerengedwa zimatchulidwa, zikatchulidwa magaziniyo imakwera pamndandanda, ndipo olemba a chaka chamawa amathamangira komweko. Akonzi amasintha onse pa zaka ziwiri zilizonse, koma dzina silisuntha. Zimenezi zokha zikusonyeza kuti mbiriyo siidalira luso la gulu limene lilipo chaka chimenecho.

Mbali ina ndi ya anthu amene anadutsamo. John Roberts, mkulu wa majaji a Khoti Lalikulu la America, anali mmodzi wa akonzi akuluakulu a Harvard Law Review. Palinso ena amene anadzakhala majaji a khoti lomweli: Elena Kagan ndi Ketanji Brown Jackson anadutsanso momwemo, monganso Antonin Scalia ndi Stephen Breyer. Ruth Bader Ginsburg anakhalapo m'magazini awiri, ya ku Harvard ndi ya ku Columbia. Sonia Sotomayor ndi Samuel Alito anali ku Yale Law Journal. Mu February 1990, Barack Obama atasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Harvard Law Review, munthu wakuda woyamba pa udindowo, nyuzipepala za dziko lonse zinalemba, ndipo ndi pamene anthu ambiri a ku America anamva dzina lake koyamba. Magaziniyi inali itakwanitsa zaka zoposa 100. Mkazi woyamba kuitsogolera, Susan Estrich, anasankhidwa m'ma 1970, ndipo mkazi wakuda woyamba, ImeIme Umana, anasankhidwa mu 2017.

Apa ndi pamene mphamvu yoyamba ija imaonekera. Majaji a makhoti a boma amalemba achinyamata omaliza kumene sukulu kuti aziwathandiza kufufuza ndi kulemba zigamulo kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ntchito imeneyi ndi makwerero opita ku makampani akuluakulu a maloya, ku uphunzitsi wa ku yunivesite, ngakhale ku ujaji. Mzere umodzi pa kalata yofunsira ntchito, wonena kuti munthuyu anali mkonzi, umauza wolemba ntchito kuti anapambana mpikisano wovuta ndipo amatha kupirira ntchito yofuna kusamala. Kwa mapulofesa nakonso n'chimodzimodzi. Mphunzitsi wachinyamata amene nkhani yake yatuluka ku Harvard kapena ku Yale amakhala ndi mwayi waukulu wokhazikitsidwa pantchito kapena kuitanidwa ndi sukulu yapamwamba. Ndiye kuti ophunzira a chaka chachiwiri ali ndi gawo posankha amene adzaphunzitse ophunzira a m'tsogolo.

Nanga malamulo enieniwo amasintha?

Choyamba tidziwe kuti nkhani ya m'magazini si lamulo. Jaji amamangidwa ndi malamulo oyendetsera dziko, malamulo a nyumba ya malamulo ndi zigamulo za makhoti apamwamba. Nkhani ya pulofesa angathe kuiwerenga, kuitchula kapena kuinyalanyaza. Mphamvu yake ndi yokopa basi. Koma kumene malamulo ali chete kapena akutsutsana okhaokha, amene wapereka njira yomveka yoganizira vutolo amakhala atayala mphasa imene ena adzakhalepo.

Chitsanzo chotchuka kwambiri ndi cha mu December 1890, pamene maloya awiri, Samuel Warren ndi Louis Brandeis, anasindikiza nkhani yotchedwa The Right to Privacy mu Harvard Law Review. Nthawi imeneyo makamera a m'manja anali atangofika, kampani ya Kodak itatulutsa yake mu 1888, ndipo nyuzipepala zamiseche zinali zitachuluka. Malamulo ankateteza thupi la munthu, katundu wake ndi mbiri yake ngati wanamiziridwa. Koma ngati wina wafalitsa zoona zokhudza moyo wako wamseri, kapena wajambula nkhope yako osakupempha, panalibe pogwira. Awiriwa anasonkhanitsa zigamulo zakale zokhudza makalata, zithunzi ndi zinsinsi, n'kunena kuti pansi pa zonsezo pali mfundo imodzi imene makhoti akhala akuiteteza osaitchula dzina: ufulu wa munthu woti asiyidwe pa yekha.

Makhoti sanathamangire kuvomera. Mu 1902 ku New York kunali mlandu wa mtsikana wina, Abigail Roberson, amene anapeza nkhope yake pa zikwangwani 25,000 zotsatsa ufa, zopachikidwa m'masitolo ndi m'malo omwera mowa, iye osadziwa kanthu. Anthu omudziwa ankamuseka, mpaka anadwala. Khoti lalikulu la chigawocho linaitchula nkhani ya Warren ndi Brandeis, koma majaji anayi mwa asanu ndi awiri anati ufulu woterowo kulibe m'malamulo. Anthu anakwiya kwambiri, ndipo chaka chotsatira nyumba ya malamulo ya New York inakhazikitsa lamulo loletsa kugwiritsa ntchito dzina kapena chithunzi cha munthu pa malonda popanda chilolezo chake. Mu 1905 khoti lalikulu la chigawo cha Georgia, pa mlandu wa bambo wina amene kampani ya inshulansi inaika chithunzi chake m'nyuzipepala, linavomereza kuti ufuluwo ulipo. Zigawo zina zinatsatira pang'onopang'ono.

Brandeis mwiniwake anakhala jaji wa Khoti Lalikulu mu 1916. Mu 1928, pa mlandu wa Olmstead wokhudza apolisi omvetsera mafoni a anthu mobisa, iye anabwereza mfundo yomwe ija, koma anali kumbali ya ochepa ndipo anagonja. Khotilo linadzasintha maganizo mu 1967, pa mlandu wa Katz, Brandeis atamwalira kalekale. Kuchokera 1890 kufika 1967 ndi zaka 77. Akuluakulu anati mawu a akulu akoma akagonera, ndipo pa zamalamulo amagonera zaka zambirimbiri.

Zina zimayenda mofulumirirapo. Mu 1964 pulofesa Charles Reich analemba mu Yale Law Journal kuti zinthu zimene boma limapereka, monga malaisensi ndi chithandizo cha osauka, zasanduka chuma chimene moyo wa anthu ukudalira, choncho zisamalandidwe mwachisawawa. Mu 1970, pa mlandu wa Goldberg ndi Kelly, Khoti Lalikulu linagamula kuti boma lisamaimitse chithandizo cha munthu wosauka lisanamve mbali yake, ndipo linatchula zolemba za Reich. Mu 2017 Lina Khan, ali wophunzira ku Yale, anasindikiza nkhani yonena kuti malamulo oletsa makampani kupondereza anzawo pamsika akulephera kuona mphamvu za Amazon, kampani yaikulu yogulitsa katundu pa intaneti, chifukwa amangoyang'ana ngati mitengo yakwera. Mu 2021, ali ndi zaka 32, anasankhidwa kutsogolera Federal Trade Commission, bungwe la boma loyang'anira mpikisano wa malonda, ndipo mu 2023 bungwelo linasumira Amazon.

Njira imeneyi si ya mbali imodzi ya ndale. Chigamulo cha Khoti Lalikulu pa mlandu wa Heller mu 2008, chonena kuti munthu payekha ali ndi ufulu wokhala ndi mfuti, chinabwera pambuyo pa zaka zambiri zimene olemba osiyanasiyana anakhala akukankhira mfundoyo m'magazini omwewa. Okondwa ndi chigamulo china amakhumudwa ndi chinzake, koma khomo limene maganizowo analowera ndi limodzi.

Zimene otsutsa amanena

Zitsanzo zimenezi ndi zoona, koma ndi zochepa poyerekeza ndi nkhani masauzande zimene zimatuluka chaka chilichonse, zambiri mwa izo osatchulidwapo ndi khoti lililonse. Odandaula anayamba kale. Mu 1936 Fred Rodell, pulofesa wa ku Yale, analemba mu Virginia Law Review kuti zolemba zambiri za zamalamulo zili ndi mavuto awiri okha, kalembedwe kake ndi zimene zikunenedwamo. Mu 1992 jaji Harry Edwards anadandaula mu Michigan Law Review kuti mapulofesa atalikirana ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku ya maloya ndi majaji. Richard Posner, yemwe anali jaji ndipo anatsogolerapo Harvard Law Review ali wophunzira, ananena kuti ophunzira amatha kuweruza nkhani yosanthula zigamulo, popeza ndi zimene akuphunzira, koma nkhani zamakono zambiri zimadalira zachuma, mbiri yakale, filosofi kapena masamu a kafukufuku, zimene wophunzira wa chaka chachiwiri sanaphunzitsidwe kuziyeza. Mu 2011 John Roberts anauza msonkhano wa majaji kuti ukatsegula magazini iliyonse yotere, nkhani yoyamba ingakhale yofotokoza mmene maganizo a Immanuel Kant, katswiri wakale wa filosofi, anakhudzira malamulo a umboni ku Bulgaria m'zaka za m'ma 1700, zimene sizithandiza loya amene ali ndi mlandu.

Mfundo ya Posner ndi imene ndikuona kuti ndi yolemera kwambiri, chifukwa ikukhudza malire enieni a ntchito yofufuza mawu a m'munsi. Wophunzira angatsimikize kuti nambala imene yalembedwa ikupezekadi m'lipoti lakuti. Koma kudziwa ngati njira yowerengera inali yoyenera, kapena ngati mfundo imene ikuoneka yatsopano inanenedwa kale ndi wina zaka 20 zapitazo, pamafunika munthu amene wakhala m'phunzirolo nthawi yaitali. Pali dandaulo linanso la utali: popeza mkonzi wachinyamata sadziwa phunzirolo, wolemba amayamba ndi masamba ambiri ofotokoza zimene akatswiri amadziwa kale, ndipo chiganizo chilichonse amachifunira umboni. Mu 2005 magazini angapo a pamwamba anagwirizana zolimbikitsa nkhani zazifupi, ndipo ya ku Harvard inati imakonda zosapitirira mawu 25,000. Malire amenewo okha akukuuzani kutalika kumene nkhanizo zinafika.

Oikira kumbuyo dongosololi ali ndi mayankho awo. Amati akatswiri nawonso ali ndi tsankho lawo: amateteza maganizo amene anamangirapo mbiri yawo, ndipo wobwera ndi zatsopano amavutika kudutsa. Ophunzira alibe munda woti auteteze, ndipo chifukwa magazini ndi ambiri, maganizo achilendo amapeza pogona. Amatinso kulembera wophunzira wanzeru koma wosakhala katswiri kumakakamiza pulofesa kulemba zoti jaji wotanganidwa angamve. Ndipo pali phindu la maphunziro: zaka ziwiri zopenda zolemba za akatswiri liwu ndi liwu zimasula loya wosamala kuposa mmene kalasi ingachitire. Pa zimene Roberts ananena, ena anayankha kuti iye anangotola chitsanzo chokokomeza, popeza majaji a khoti lake lomwelo amatchulabe nkhani za m'magaziniwa m'zigamulo zawo.

Mikangano ya posachedwa

Mikangano iwiri ija ikukhudza funso limodzi: ndani ayenera kugwira kiyi wa khomoli? Mu November 2023, akonzi a Harvard Law Review anavota kuti asatulutse nkhani yaifupi yokhudza Palestine, yolembedwa ndi Rabea Eghbariah, loya wa ku Palestine amene ankachita maphunziro apamwamba ku Harvard, ngakhale inali itakonzedwa kale kuti iikidwe pa webusaiti yawo. Inakatuluka m'magazini ya The Nation. Mu June 2024 Columbia Law Review inatulutsa nkhani yake yaitali pa mutu womwewo. Bodi ya magaziniyo, yokhala ndi mapulofesa ndi ophunzira akale, inatseka webusaiti yonse, ikunena kuti nkhaniyo sinadutse njira yanthawi zonse ndipo akonzi ena sanaione. Akonzi amene anaikonza anati anachita mosamala chifukwa ankaopa kuti iponderezedwa. Patapita masiku angapo webusaitiyo inatsegulidwa, nkhaniyo ili pomwepo. Ena anaona kupondereza maganizo, ena anaona kuphwanya dongosolo, ndipo zinaonetsa kuti ufulu wa ophunzira umasiyana magazini ndi magazini, malinga ndi amene ali pamwamba pawo.

Pa nkhani ya mtundu, gulu lina linasumira Harvard Law Review mu 2018 ponena kuti imakondera akazi ndi anthu a mitundu ina posankha akonzi ndi olemba, koma mlanduwo unathetsedwa chaka chotsatira. Zinthu zinasintha mu June 2023, pamene Khoti Lalikulu linagamula kuti Harvard ndi mayunivesite ena asamayang'ane mtundu wa munthu posankha ophunzira. Ofufuza a mu 2025 anadalira lamulo la mu 1964 loletsa tsankho m'mabungwe olandira ndalama za boma. Amene akugwirizana nawo amati malo a mkonzi ndi mphotho ya luso, ndipo kuyang'ana khungu n'kulanda wina chimene wachigwirira ntchito. A mbali inayo amakumbutsa kuti kwa zaka zambiri khomoli linali la amuna achizungu pafupifupi okhaokha, ndipo gulu la akonzi ofanana limaona nkhani zofanana kukhala zofunika. Pali funso lina la malamulo pakatipa: ngati magaziniyo ndi bungwe loima palokha, kodi lamulo lomanga yunivesite likuimanganso?

Kunja kwa America, ndi powerenga

Dongosololi si la dziko lonse lapansi. Ku Britain magazini olemekezeka monga Law Quarterly Review, ya mu 1885, ndi Modern Law Review, ya mu 1937, amakonzedwa ndi akatswiri. South African Law Journal, imene inayamba mu 1884, nayonso ili m'manja mwa akatswiri. Ku Canada ndi ku Australia kuli magazini a ophunzira olemekezeka, monga McGill Law Journal ndi Melbourne University Law Review, koma amatumiza nkhani kwa akatswiri kuti aziunike. Njira yosakaniza imeneyi ndi imene magazini ambiri a ophunzira kunja kwa America amatsatira.

Intaneti nayo yasintha zinthu. Mapulofesa ambiri amaika nkhani zawo pa webusaiti ya SSRN miyezi ingapo zisanasindikizidwe, moti akatswiri anzawo amakhala ataziwerenga ndi kuzitsutsa kale magazini isanatuluke. Makope a pepala atsika kwambiri. Magazini eni ake anatsegula zigawo za pa intaneti za nkhani zazifupi zoyankha msanga zimene zikuchitika.

N'chifukwa chake mukamva wina akunena kuti mfundo yakuti inatuluka mu Harvard Law Review, ndi bwino kufunsa kuti inatuluka m'chigawo chiti. Pali nkhani zikuluzikulu za mapulofesa, zimene zadutsa mpikisano woopsa uja. Pali mawu otsogolera kope la November, lopenda chaka chonse cha Khoti Lalikulu, amene katswiri amachita kuitanidwa kuti awalembe. Pali zolemba za ophunzira eni ake, zimene ku Harvard zimatuluka popanda dzina la wolemba. Ndiye pali nkhani zazifupi za pa webusaiti, zimene zimadutsa njira yopepukirapo. Zonsezi zimanyamula dzina limodzi pamwamba, koma sizinayezedwe ndi muyezo umodzi, ndipo palibe ngakhale imodzi imene ikuimira maganizo a yunivesite ya Harvard.